Mpweya wa Amalume Davies

"Ndiye kuti munthu achoke kunyumba kwake, kumene mpweya uli waulele, akwele basi, abwele agule mpweya kwa iwe?"

"Si mpweya wamba, Perpetua. Ni okosijeni."

"Manje uyu tipuma pano ni chani? Supu?"

"Uyu uli na fumbi, uli na utsi wa maminibasi. Wathu ni wosefa. Ku Joni bantu bandalama bamachita kufola."

"Ku Joni unapitako liti, Bwezani?"

Anali ataima pa siteji ya minibasi ku Kabwata, m'mawa wa mwezi wa Ogasiti, mphepo ikunyamula mapepala apulasitiki n'kumawakoleka pa mawaya a magetsi. Perpetua anali mu yunifomu yake ya ophunzira unesi, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Bwezani anali m'malaya oyera a salaula, ogula pa kaunjika, manja a malayawo atatalika kuposa a mwini wake. Awiriwa anakulira m'mafulati amodzi, makomo oyang'anizana, ndipo kukangana anayamba asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Chimene chinasintha chaka chimenecho n'chakuti Bwezani, atamaliza giledi twelofu n'kukhala wopanda chochita, anazindikira kuti Perpetua akakwiya nsidze yake yakumanzere imakwera yokha. Kuyambira tsiku limenelo tulo take tinachepa.

"Mvela nikuuze vimene tiphunzila," anatero Perpetua. "Magazi ya munthu wabwinobwino yali kale odzala na okosijeni. Ndowa ikadzala, ukathilamo madzi yena yatayika chabe. Wamene afuna okosijeni zoona nimamuona kuwodi, ndipo samwetulila."

"Koma siipweteka munthu."

"Ya kanthawi chabe siingakupweteke, siingakuthandizenso. Nanga tumadzi twanu tonunkhila tumene ukamba, muli mafuta? Mafuta na mapapo sivigwilizana. Makamaka iwe wamene unali na mphumu, amai bako kuchezela atakukhazika pamiyendo."

"Inatha kale ija."

"Mphumu siimatha, imabisala chabe."

"Bwela ukaone na maso yako. Kamodzi chabe."

"Ku Kabulonga? Nikachite chani kwa apamwamba?"

Minibasi yabuluu inaima, kondakitala atalendewera pakhomo akuitanira a kuchipatala chachikulu. Perpetua anakwera osacheuka. Bwezani anatsala ndi mawu ake m'kamwa ngati munthu amene waika mbatata yotentha n'kusowa polavulira.

Nkhani inali yakuti amayi ake anali atagamula kale, ndipo amake Bwezani sankanena chinthu kawiri. Mwezi ukatha bizinesi ya amalume ake isanayambe kuyenda, akakwera basi pa siteshoni ya Intercity kupita ku Chipata, kukathandiza atate ake aakulu kugulitsa misomali ndi malata. "Mwana wamwamuna sakhala pa fulati n'kumawerenga mitambo," ankatero. Ku Chipata kunalibe choipa. Kunali mapiri, kunali nshawa, kunali njinga zochuluka kuposa anthu. Koma kunali kutali ndi Perpetua, ndipo mtsikana wotere, amene madokotala achinyamata amamupatsa moni kawiri pa tsiku, sangakhale akudikira munthu wa misomali amene sanamuuzepo kanthu. Za Chipata Perpetua ankazidziwa, poti makoma a mafulati ndi opyapyala, koma sananenepo chilichonse. Iye ankangoona kuti mnzake wapenga ndi ndalama za apamwamba. Bwezani naye akati atsegule pakamwa kuti amuuze zoona, zotuluka zinali za okosijeni basi.

Amalume Davies, mlongo wa amayi ake, anali munthu wosatha kukhala pansi. Kampani ya boma imene ankagwirako ntchito itagulitsidwa, anayesa nkhuku, anayesa matayala akale, anayesa mafoni a m'manja. Kenako anapita ku Joni kukaoda nsapato n'kubwerako ndi makina. Linali bokosi lotuwa, lolira pansipansi ngati mphaka wokhuta. Linkakoka mpweya wa m'chipinda, kupatula okosijeni, n'kumudutsitsa m'mabotolo a madzi amitundumitundu ochita thovu, ena onunkhira mandimu, ena bulugamu. Kuchokera m'mabotolomo munkatuluka timapaipi tofewa tolowetsa m'mphuno. Munthu amayedzamira pa mpando wopendekeka, kupuma kwa kanthawi, kulipira, n'kutuluka ali watsopano. Umu ndi mmene amalume ankanenera, ndipo pa kunena amalume analibe mnzawo.

Anachita lendi kachipinda pa mashopu a ku Kabulonga, pakati pa saluni ndi malo ochapira masuti. Poti ankakhulupirira kuti anthu andalama amakonda ukhondo kuposa china chilichonse, anapaka makoma penti yoyera, anayala nsalu zoyera pamipando, iwo eni n'kugula jasi loyera lofika m'mawondo. Chikwangwani chokha n'chimene chinali chisanabwere, chifukwa wolemba zikwangwani wa ku Kamwala anali munthu wa mawa, mawa.

Anthu ankafika pa zenera lalikulu, kusuzumira, kuona timapaipi, n'kufulumiza miyendo. Zaka zimenezo maliro anali ambiri m'tauni, ndipo panalibe munthu, wolemera kaya wosauka, amene akanalola kuti mnzake wa kuntchito amuone ali ndi paipi m'mphuno. Anabwerapo bambo wina wamatsire, maso ali psu, amene anapempha kuti mpando wake autembenuzire kukhoma. Anati mutu wapepukako. Kenako anatulutsa ndudu ndi machesi, ndipo amalume anamukankhira kunja ngati thumba la malasha, poti moto ukapeza okosijeni suchita kufunsa. Tsiku lina magetsi anazima, makina anangoti zii, ndipo amalume ndi mphwawo anakhala tsonga mpaka madzulo akupuma mpweya wa anthu onse.

Lachinayi lomaliza la mweziwo, amalume anafika ali ndi nzeru yatsopano.

"Mphwanga, vuto naipeza. Bantu baopa chifukwa sibanaonepo munthu wamoyo akuchita. Mbuzi imodzi ikaoloka, zonse zikonkha. Iwe ndiwe mbuzi yathu."

"Nichite bwanji, amalume?"

"Gona pa mpando wa pawindo. Vala paipi. Uoneke ngati munthu wamene alibe mavuto. Ine nipita ku Kamwala kukagwila uja wa chikwangwani pakhosi."

Bwezani anakokera mpando pazenera penipeni. Posankha botolo anazengereza pang'ono, kenako anatenga la madzi opanda fungo. Perpetua sakanadziwa, koma zinamukomera kuti wamumvera. Anavala paipi, anayedzamira, n'kudikira kuti asanduke munthu watsopano. Chimene anamva chinali kamphepo kouma kakulowa m'mphuno, basi. Chipindacho chinkazizira, choncho anavundukula nsalu yoyera pa mpando wina n'kufunda mpaka pachifuwa. Anatseka maso kuti aoneke wopanda mavuto. Ndipo poti mutu wake sunkafuna kukankhidwa, anayamba kuona shopu yachiwiri ku Northmead, yachitatu ku Woodlands, anthu atafola mpaka kumsewu, Perpetua atavala diresi lachikasu akudula riboni ndi sizasi ya kuwodi, akutembenuka, akuti Bwezani ndinalakwitsa. Asanamve mawu otsatira anali atagona tulo tofa nato, kukamwa yasa.

Zimene zinachitika iye ali m'tulo anazimva pambuyo pake kwa anthu ambiri, aliyense akuthirako mchere wake. Ba Keziah, mayi wa mumpingo wawo wa Reformed amene ankagwira ntchito m'nyumba ina ku Kabulonga, ankaweruka masana Lachinayi lililonse kuti akakhale nawo pa Chigwirizano cha amayi. Podutsa pamashopupo anasuzumira pazenera. Anaona chipinda choyera, mabotolo akubwata, ndi mwana wa mnzawo ali chagada, nsalu yoyera mpaka pachifuwa, paipi m'mphuno. Sanalowe. Chipatala cha apamwamba munthu salowa ndi patapata, ndiponso nkhani yotere woyamba kuimva azikhala mayi. Anakwera minibasi, analowa m'tchalitchi nyimbo ili pakati, anakagwada pafupi ndi amake Bwezani n'kunena monga anthu aulemu amanenera.

"Musadandaule, amake Bwezani. Mwana wadwalako pang'ono chabe. Ali pa chipatala china ku Kabulonga. Akupuma ndithu."

Aliyense wobadwa kwa anthu amadziwa kuti wodwala chimfine samunenera kuti akupuma ndithu. Nyimbo inathera pomwepo. Amake Bwezani ankadziwa kuti mlongo wawo amagulitsa mpweya, koma shopuyo anali asanaionepo, ndipo anangoti mwana wagwa pantchito, Davies wamuthamangira naye kuchipatala chapafupi. Kwa wodwala sapita chimanjamanja, choncho gulu lonse linadzera kaye kumafulati kukatenga bulangeti, nthochi, botolo la juwisi ndi fulasiki ya phala. Perpetua anali ataweruka, ali pamasitepe akulukidwa tsitsi. Atangomva kuti paipi m'mphuno, anadzambatuka, mbali imodzi yolukidwa, ina ili nyankhalala, chipeso chili chizikidwire.

Bwezani anadzutsidwa ndi nyimbo yapansipansi, ija amayi amaimba pafupi ndi bedi. Anatsegula diso limodzi pang'ono. Chipinda chonse chinali chitadzaza amayi a bulauzi zoyera ndi masiketi akuda, ena atagwada, ena ataima pakhomo chifukwa chosowa malo. Amayi ake anali atamugwira phazi, misozi ikutsikira pachibwano. Ndipo pa dzanja lake lamanja panali zala ziwiri zozizira, zikumva kugunda kwa mtsempha. Anazizindikira asanaone n'komwe nkhope ya mwini wake.

Munthu wanzeru akanadzuka nthawi yomweyo. Bwezani anatsekanso diso. Zala zija zinali zisanamugwirepo chotero chibadwire, ndipo anati dziko lidikire pang'ono.

"Mtima uthamanga," Perpetua ananong'oneza. "Nesi wa pano ali kuti? Basiya bwanji munthu yekha?"

Kenako zala zija zinafooka. Bwezani anasuzumira kupyolera m'zikope n'kuona Perpetua akuyang'ana mabotolo, lofiira, lobiriwira, lachikasu. Anaona akuyang'ana chithunzi cha pakhoma, cha mzungu wamkazi womwetulira mano onse ali ndi paipi m'mphuno. Anaona nsidze yakumanzere ikukwera pang'onopang'ono mpaka pamene inali isanafikepo.

"Bwezani," anatero. "Uka. Nikuona zikope zako zigwedela."

Anadzuka n'kukhala tsonga, paipi ikulendewera. Nyimbo inaduka. Mayi wina anagwetsa fulasiki.

"Mwachoma bwanji, amai?" Bwezani anapereka moni, poti china chonena sichinabwere.

Amayi ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi limene anali akadaligwira. "Ukudwala?"

"Iyai, amai. Nili pa nchito."

"Ntchito yake ndi yogona ngati mtembo?"

"Nenze kuitana makasitomala."

"Ndipo tabwera," anatero mayi wina wachikulire kumbuyo.

Kuseka kunayambira pamenepo. Kunayamba ngati kutsokomola, kunafalikira kwa ogwada, kenako amayi a Chigwirizano anali akugwirana mapewa, akupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Ba Keziah okha anaima nganganga. "Ine ndinaona paipi," ankabwereza. "Munthu wa paipi m'mphuno mumati ali bwanji? Ndiuzeni." Amake Bwezani sanaseke. Anatenga phava la nthochi n'kumumenya nalo mwana wawo paphewa, kenako anamukumbatira mutu mwamphamvu mpaka paipi inathothoka.

Nthawi yomweyo amalume Davies analowa, jasi loyera likuuluka, chikwangwani chili m'khwapa. Amayi a pakhomo anapatuka mwaulemu. "Adokotala afika."

"Dokotala wa chiyani, uyu ndi Davies," anatero amake Bwezani. "Iwe Davies, bwera kuno."

Amalume anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana bulangeti ndi nthochi, anayang'ana anthu amene anali atayamba kusonkhana pazenera. Nkhuku zinawakana, matayala anawakana, koma gulu la anthu ankalidziwa akaliona. Anatsamiritsa chikwangwani kukhoma n'kuwomba m'manja.

"Alongo, bamai bonse, takulandilani. Mwayenda ulendo utali, mitima yathamanga. Lelo vonse ni vaulele. Ba Keziah, imwe ndimwe mwabweletsa bantu, yambani ndimwe."

"Zovala odwala ine ayi."

"Ni va bantu bamoyo ivi. Onani mphwanga, wanenepa."

Anakana, anakananso, kenako anavula patapata n'kukwera pampando monga munthu akukwera bwato. Perpetua anali atapinda manja pakona, koma unesi unamukaniza kukhala chete. Anafunsa ngati pali wa chifuwa chokhalitsa kapena mphumu, ndipo amayi awiri amene anakweza manja anawauza kuti akhale pampando koma paipi asavale. Anachotsa mabotolo onse onunkhira n'kusiya a madzi okha. Anauza amalume kuti aliyense apatsidwe kapaipi katsopano, chifukwa cha m'mphuno sabwerekana. Amalume ankangoti inde sisita, inde sisita, akung'amba mapaketi.

Posakhalitsa mipando yonse inali ndi amayi a Chigwirizano, mapazi m'mwamba, maduku atapendekeka, ena akudikira nthawi yawo akugawana nthochi za wodwala.

"Koma mawondo apola," anatero ba Keziah maso ali chitsekere.

"Ine mutu uja wa kuyambira Lamlungu wapita," anatero wina.

"Wamva?" Bwezani ananong'oneza Perpetua.

"Si okosijeni iyo," anayankha osamuyang'ana. "Bamai aba banakhalapo liti pansi masana, miyendo mumwamba, popanda munthu wowaitana? Uzimye makina uone ngati bazadziwa."

Amalume anali ndi makutu a mleme. Anaima chilili, paketi ili m'manja. "Sisita, bwelezani. Ndiye kuti chamene bantu bafuna ni kukhala pansi?" Anayamba kuyendayenda akulankhula okha. Makoma awapake penti ya lalanje. Jasi alipereke kwa wa butchala. Mipando ifulatire windo, pakhale tiyi, pakhale wailesi yoimba pansipansi, okosijeni akhale wa ofuna okha. Kaya zimenezo zikanayenda kapena zikanatsata nkhuku ndi matayala, panalibe akanadziwa. Koma azimayi awiri a mu saluni yoyandikana nayo, mitu ili m'mataulo, anali atalowa kale kudzafunsa chimene chikuseketsa anthu, ndipo mmodzi anali akuyesa mpando ndi dzanja.

Amake Bwezani anakana paipi. Anakhala pa situlu akusenda nthochi, ndipo ataimaliza anamuitana mwana wawo. Bwezani ananjuta pafupi nawo, akuona kale malata ndi misomali.

"Kuchoka ku Kabwata kufika pano ndakuika m'manda kangapo," anatero amayi ake. "Ndasankha ndi nyimbo zomwe. Tili pa maloboti ndinayamba kuganiza kuti, akanakhala ku Chipata mwana ameneyu, ndikanafika liti? Basi ya tsiku lathunthu, ine ndikulira pa mlatho wa Luangwa."

Anamuloza ndi chala.

"Ku Chipata supita. Ukhale kuno kumene minibasi imafika. Koma upeze chochita cha anthu. Ndipo iwe Davies, mwana wanga usadzamuikenso pazenera ngati nyama ya m'butchala."

"Namvela, alongo."

Bwezani akanatha kuvina pomwepo. Anatembenuka kuti aone ngati Perpetua wamva, koma pakona paja panalibe munthu.

Anamupeza kunja, kuseri kwa malo ochapira masuti, kumene nthunzi yofunda inkatulukira pa paipi ya pakhoma. Perpetua ankalimbana ndi chipeso chimene chinali chitakodwa m'tsitsi.

"Nikuthandize?"

"Usanigwile."

Anaima patali pang'ono, manja a malaya akumulendewera.

"Namvela vamene bakamba amai bako," anatero Perpetua. "Wawina. Uzakhala na makina yako."

"Pepa, Perpetua."

"Pepa chani? Nathamanga Kabwata yonse na mutu wa hafu, kondakitala kunifunsa ngati nathawa ku saluni osalipila. Mu basi bamai baimba, ine nikumbukila vonse vamene nakukalipila kuchokela tili bana. Nenze kukamba mumtima kuti nikamupeza apuma, sinizamukalipilanso. Nafika, munthu aliza mkonono."

"Sinimaliza mkonono ine."

"Funsa ba Keziah." Chipeso chinazuka, ndipo anachiyang'ana ngati ndicho chalakwa. "Ndipo unauka kale pamene nenze nakugwila dzanja. Usakane."

Bwezani anayang'ana nsapato zake.

"Niuze zoona," anatero Perpetua, mawu atatsika. "Iwe wapumako. Wamvela chani?"

"Mphuno yauma. Na tulo tabwino."

Perpetua analuma mlomo kuti asaseke, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Manje ngati udziwa, n'chifukwa chani unakakamila so? Mwezi onse okosijeni, okosijeni, mpaka makutu yanga kuwawa. Ku Chipata mpweya ni wabwino kupambana wa mu mabotolo ya amalume bako. Chinakumanga ni chani kuno?"

M'shopu muja amayi anali atayambanso kuimba, ulendo uno nyimbo yothamanga, ya m'manja. Bwezani anamva kukamwa kwauma kuposa mphuno. Anakweza maso, anaona tsitsi lolukidwa mbali imodzi ndi maso ofiira akumudikira, ndipo anaona kuti akadikiranso tsiku lina adzafa zenizeni.

"Ku Chipata iwe kulibe," anatero. "Makina sinenze kuyafuna, Perpetua. Nifuna iwe. Nifuna uzinikalipila mpaka tikakalambe."